Ndinapita kukafuna Laura Palmer ku Washington

Lachisanu, 21 Febuluwale 2025

Ndafika bwino abale, Mulungu ndi wabwino. Ndege inanyamuka ku Heathrow, tinauluka maola pafupifupi 10 koma potera pa Sea-Tac, eyapoti ya Seattle, kunja kunali kukadawala chifukwa kuno ali kumbuyo ndi maola 8, ndiye thupi likuti ndi usiku maso akuti ndi masana. Achemwali ndi alamu anabwera kudzandichingamira limodzi ndi mwana wawo wamkazi, ineyo ndinamuona komaliza ali kamwana ka zaka 6 atabwera kumudzi pa maliro a agogo, pano ndi namwali wa zaka 17 wandipitirira ndi msinkhu womwe, ndipo ndi amene watiyendetsa kuchokera pa eyapoti mpaka kunyumba, ine kumbuyo mtima uli phaphapha poti kuno galimoto zimayenda mbali ya kumanja.

Ndineneretu kuti Washington ndikunenayu si uja wa White House ayi. Uyu ndi state ya kumpoto chakumadzulo, kumalire ndi Canada, mzinda wake waukulu ndi Seattle. Ndabwera kudzaona abale inde, koma pali chinanso chimene chakhala chikundikoka kwa zaka zambiri, ndipo achemwali akuchidziwa. Kuno ndi kumene anajambulira Twin Peaks.

Amene simunaonerepo, Twin Peaks ndi sewero la pa TV limene David Lynch ndi Mark Frost anapanga, linayamba kuonetsedwa pa ABC pa 8 Epulo 1990. Limayamba chonchi, m'mawa wina bambo wachikulire dzina lake Pete Martell akupita kukawedza nsomba ndiye akupeza thupi la mtsikana m'mphepete mwa madzi, litakulungidwa mu pulasitiki. Mtsikanayo ndi Laura Palmer, wa zaka 17, mwana wa loya wolemekezeka, wokongola kuposa onse pa sukulu yake, amene ankagawira okalamba ndi odwala chakudya m'makomo, amaphunzitsa mayi wina Chingerezi, amathandiza mnyamata wolumala wa banja lolemera la m'tauniyo. Kenako kukubwera wapolisi wa FBI, Dale Cooper, kudzafufuza kuti wamupha ndani. Usiku woyambawo anthu oposa 30 miliyoni anaonera ndipo America yense anayamba kufunsana funso limodzilo.

Ine ndinalionera mochedwa kwambiri, ku Blantyre, pa laputopu ya mnzanga wa kuntchito amene anali ndi ma DVD ake. Magetsi anali atazima, batire imatha, tinangoonera episodi yoyamba yokha. Sindinagone usiku umenewo. Panalibe choopsa chenicheni, koma pali malo ena pamene aphunzitsi akuitana mayina m'kalasi, wapolisi walowa wawanong'oneza, ndiye mnzake wa Laura wapamtima uja Donna akungotembenuka kuyang'ana desiki yopanda munthu, wayamba kulira asanauzidwe kanthu. Desiki imeneyo ine ndimaidziwa. Ndifotokoza tsiku lina, pano tulo tandigwira. Achemwali aphika nsima ya ufa woyera, chambo chouma chimene ndinabwera nacho sichinaloledwe kulowa ayi, ndiwo ndi nkhuku basi ndi masamba a kale, koma yakoma ngati kwathu.

Chenjezo, m'masiku akubwerawa ndiulula amene anapha Laura. Sindingalembe za iyeyu ndikubisa zimenezo.

Loweruka, 22 Febuluwale

Tadzuka kuli kamvula kowaza kosalekeza kaja, chiperoni chenicheni cha ku Thyolo koma chozizira kwambiri. Alamu ali pa shifiti ndiye tapita atatu, ine, achemwali ndi mtsikana wathu pa chiwongolero. Msewu wake ndi I-90 kulowera kummawa, kuchokera ku Seattle mpaka ku North Bend ndi makilomita pafupifupi 50, koma ukangodutsa Issaquah tauni imatha mwadzidzidzi, kumangoona mitengo yokhayokha italiitali yakuda bii, nkhungu itakola pamwamba pake. Mitengoyi amati Douglas fir. Ndakhalako ku Chikangawa, ndakwerako phiri la Zomba, koma iyi ndi ina, imakupangitsa kuyankhula motsitsa mawu.

North Bend ndi katauni kakang'ono, msewu umodzi waukulu, ndipo kumbuyo kwake kuli phiri la Mount Si la mamita pafupifupi 1,270, limene mu sewero lija ndiye mapiri awiri opatsa tauni ya Twin Peaks dzina. Lero timangoliona pang'ono pang'ono, mtambo ukasuntha thanthwe likuonekera kenako labisalanso.

Pakona pali Twede's Cafe, imene mu sewero imatchedwa Double R Diner. Nthawi imene ankajambula mu 1989 inkatchedwa Mar-T Cafe, inapsa ndi moto mu 2000, ndiye pamene Lynch anabwerera kudzajambula sizoni yachitatu, imene inaonetsedwa mu 2017, anaikonzanso mkati kuti ifanane ndi kale. Tinadikira pa mzere mphindi ngati 40 chifukwa anthu anadzaza, ena achokera kutali kwambiri, kumbuyo kwathu kunali anyamata awiri oyankhula Chijapani, kutsogolo mayi ndi mwana wake atavala masuti akuda ngati Cooper. David Lynch wamwalira mwezi wathawu, mu Januwale, ali ndi zaka 78, ndiye ambiri abwera ngati kudzapepesa maliro. Tinakhala pa kauntala pa timipando tozungulira tija, ndinaitanitsa zimene aliyense amaitanitsa, khofi wakuda ndi payi ya cherry. Payiyo ndi yofiira piriwiri mkati, yowawasira pang'ono ngati masuku osapsetsa koma ya shuga wambiri, ikabwera yotentha imakoma ndithu.

Koma ndili pakati pakudya ndinaona chinthu chimene chinandikhala pamtima. Nkhope ya Laura ili paliponse. Chithunzi chake chija atavala kachisoti kaufumu akumwetulira, ndi china chija ali wakufa milomo itachita buluu pulasitiki itazungulira nkhope ngati duwa, anthu avala pa ma T-shirt, pa zikwama, mtsikana wina anachilemba pa mkono ngati tatuu. Sindikuwaweruza, inenso ndawoloka nyanja chifukwa cha iye yemweyo. Kungoti patebulo lililonse ndimamva za Cooper, za khofi, za nyimbo za Angelo Badalamenti, za mayi uja woyenda atanyamula chipika, koma za zimene zinamuchitikira mwanayu m'nyumba ya makolo ake sindinamve ndi mmodzi yemwe akuzitchula. Mtsikana wathu anandifunsa kuti anti mwangoti zii bwanji, payi sinakome? Ndinati yakoma mwanawe.

Titachoka apo tinapita ku Reinig Road, kamsewu kokhota m'mbali mwa mtsinje wa Snoqualmie, pamene panali chikwangwani chija cholandira alendo cholembedwa kuti m'tauniyi muli anthu 51,201. Lero palibe chikwangwani, pali udzu wonyowa ndi phiri kutsogolo basi, koma ukaima pamenepo maso amachiikapo okha. Chapafupi pomwepo pali mlatho wachitsulo wa dzimbiri umene kale pankadutsa sitima yonyamula mitengo, pano anachotsa njanji ndi njira ya oyenda pansi ndi apanjinga. Apa ndi pamene Ronette Pulaski, mtsikana amene anali ndi Laura usiku womaliza uja, amaoneka akuwoloka ali dzandidzandi, zovala zong'ambika, zingwe zikulendewera m'manja. Ndinawoloka wapansi mpaka tsidya ndi kubwerera, pansi madzi obiriwira akuthamanga. Ronette anapulumuka koma palibe amavala nkhope yake pa malaya. Iye anali mwana wa munthu wogwira ntchito pa fakitale yocheka matabwa.

Lamulungu, 23 Febuluwale

M'mawa tinapita ku tchalitchi ndi achemwali, masana tinabwereranso ku chigwa chomwe chija, ulendo uno ndi alamu.

Snoqualmie Falls abale. Pa TV mathithiwa amaoneka akugwa pang'onopang'ono nyimbo ikulira mofatsa, koma pamaso ndi chinthu chaukali, madzi akugwa mamita 82 ndipo ndi mvula ya masiku anoyi mtsinje wadzaza, mkokomo wake umamveka m'chifuwa, nthunzi imakwera mpaka pamene timaima kutinyowetsa nkhope ndi majekete. Pamwamba penipeni pa phompho pali hotela ya Salish Lodge, imene kunja kwake ndiye Great Northern Hotel ya mu sewero. Mu sewero, mu hotela imeneyi ndi mmene bambo ake a Laura, Leland Palmer, akuyankhula pa foni ndi mkazi wake Sarah amene akufunafuna mwana, kenako akuona mkulu wa apolisi, Sheriff Truman, akulowa akubwera kwa iye, foni ikugwa m'manja, ndipo kumbali inayo mayi akukuwa kulira kumene sindinakumvepo pa TV ina iliyonse. Grace Zabriskie, amene anasewera ngati Sarah, analira ngati mmene amalirira amayi kwathu uthenga ukafika pakhomo.

Alamu anandionetsa kuti pansi pa thanthwelo, mkati mwenimweni, muli makina opangira magetsi amene anaikidwa cha m'ma 1898 ndipo akugwirabe ntchito. Komanso mathithiwa ndi malo opatulika a anthu a mtundu wa Snoqualmie, eni nthaka amene analipo azungu asanafike, ndipo mu 2019 mtunduwu unagula hotelayo ndi malo ozungulira pa mtengo wa madola 125 miliyoni. Kugula malo a makolo ako omwe. Ndinakhala kaye chete pamenepo.

M'tauni ya Snoqualmie tinaona chipika chachikulu chija chimene chimaoneka koyambirira kwa sewero, anachimangira denga pafupi ndi siteshoni yakale ya sitima, kukula kwake ine ndi alamu titaimirirana pamapewa mwina ndiye tingafike pamwamba. Tinadutsanso pamene panali fakitale ya matabwa ya Weyerhaeuser, yatsala chumuni ndi nyumba zochepa, ndipo ofesi imene inali polisi ya Sheriff Truman pano ndi sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto za mpikisano, DirtFish. Izi tinangodutsa mwachangu.

Chimene ndimafuna ine ndi sukulu. Mount Si High School ndi imene inali sukulu ya Laura, koma nyumba yakaleyo anaigwetsa anamanga ina yatsopano yaikulu ya magalasi, ndiye makhonde aja a mizere yofiira kulibenso. Tinaima panja pa mpanda mvula ikuwaza, ndipo ndi pamene ndinawafotokozera achemwali za desiki ija, nkhani imene sindinawauzepo chikhalirecho tinakulira nyumba imodzi.

Ndili Fomu 3 ku sukulu ya atsikana yogonera konko ndinali ndi mnzanga, bedi lake linali pamwamba pa langa. Anali wanzeru kutiposa tonse, masamu amatiphunzitsa ndi iyeyo, mu kwaya amaimba soprano, masisitere ndi aphunzitsi amamukonda, akafuna chitsanzo cha mtsikana wabwino amatchula iye. Koma sabata yotsekera ikafika, ife tikulongedza masutikesi mokondwa, iye amadwala. Mutu, m'mimba, kusanza. Usiku ndimamva bedi likugwedezeka pamwamba panga akulira motsekereza pakamwa ndi bulangete. Kawiri konse anandipempha kuti holide akakhale kwathu, ine ndinamuyankha kuti kwathu n'kopanikizana, iwe kwanu kuli nyumba ya magetsi ndi galimoto ukufuna kudzagona pamphasa chifukwa chiyani. Teremu yachitatu sanabwere. Desiki yake inakhala yopanda munthu masabata awiri kenako anaichotsa. Mbiri inamveka kuti ali ndi mimba, ndipo tonse, ndi ine ndemwe, tinati eeh madzi odikha ndi amene amakhala akuya, ankaoneka wofatsa chonchija kani amakonda anyamata. Patapita zaka ndi pamene ndinamva kwa munthu wa kwawo kuti mimbayo inali ya bambo ake omupeza, ndipo zinayamba ali ku pulayimale, ndipo akuluakulu a banja anakhala pansi n'kugwirizana kuti nkhaniyi ithere m'nyumba.

Achemwali sanayankhe kanthu. Anangondigwira dzanja mpaka ku galimoto.

Lolemba, 24 Febuluwale

Lero ndiye tsiku lenileni. Mu sewero thupi la Laura linapezeka m'mawa wa pa 24 Febuluwale 1989, ndipo ku North Bend ndi ku Snoqualmie tsikuli amalitcha Twin Peaks Day, anthu amasonkhana kumeneko. Ine ndinasankha kupita kwina, ku gombe kumene anamupeza, chifukwa malowo sali ku chigwa kuja ayi, ali tsidya lina la nyanja ya Puget Sound. Mtsikana wathu ali ku sukulu ndiye tapita awiri ndi achemwali.

Tinakwera feri ku Seattle yopita ku Bainbridge Island, chombo chachikulu choyera ndi mzere wobiriwira, galimoto zimalowa pansi anthu n'kukwera pamwamba, ulendo wa mphindi 35. Ilala ingalowe m'mimba mwake. Mphepo inali yamphamvu moti panja sitinakhalitse, tinakhala pa windo ndi tiyi wa m'makapu a pepala tikuona nyumba zitalizitali za Seattle zikuzimirira mu nkhungu. Titatsika tinadutsa chilumba chonse, kuwoloka mlatho wa Agate Pass, kulowa m'dera la anthu a mtundu wa Suquamish. Kiana Lodge ili pamenepo, ndi ya mtundu womwewo, malo ochitirapo maukwati ndi misonkhano ndiye tinaimbiratu foni kupempha, anatilola kutsikira ku gombe.

Chipika chimene thupi la Laura linapezeka pafupi nacho chilipobe. Chimtengo chakufa chotuwa, chachikulu kuposa minibasi, chagona pa timiyala m'mphepete mwa madzi monga momwe chinalili zaka 36 zapitazo. Panalibe munthu wina aliyense, mbalame zokha ndi mafunde ang'onoang'ono. Ndinagwada n'kugwira timiyalato, kuzizira kwake ngati tochokera mu firiji, dzanja linachita dzanzi nthawi yomweyo. Sheryl Lee, amene anasewera ngati Laura, anagona pamenepa maola ambiri atakulungidwa pulasitiki yokha, nyengo ngati yomwe ino. Anali mtsikana wochita zisudzo za pa siteji ku Seattle, anamutenga kuti adzakhale mtembo basi, wopanda mawu. Koma pojambula kavidiyo kena kakafupi ka pikiniki, pamene Laura akuvina ndi Donna pa phiri, Lynch anaona kuti mwanayu ali ndi luso ndiye anamulembera mbali ina, ya Maddy msuweni wake wa Laura, kenako mu 1992 anapanga filimu yonse ya Fire Walk with Me yoonetsa masiku 7 omaliza a moyo wa Laura. Nthawi imeneyo anthu anaikana filimuyo, ankafuna khofi ndi nthabwala za m'tauni muja, anapatsidwa mwana akuzunzika. Kwa ine imeneyo ndiye mtima wa nkhani yonse.

Amene anapha Laura ndi bambo ake omubereka, Leland. Zinaululika mu episodi ya pa 10 Novembala 1990, ndipo Lynch sankafuna kuulula msanga choncho koma a TV anawakakamiza. Anayamba kumugwirira ali ndi zaka 12. Kokeni amene ankakoka, amuna achikulire amene ankagona nawo, zibwenzi ziwiri nthawi imodzi, zonse zimene tauni inadabwa nazo atamwalira zinachokera pamenepo. Mu sewero amati Leland analowedwa ndi mzimu woipa dzina lake BOB, ndipo Laura kwa zaka zambiri ankaona nkhope ya BOB yo polowa pa windo usiku, osati ya bambo ake. Okonda seweroli amakangana mpaka lero kuti wolakwa ndi BOB kapena Leland.

Ndinawafunsa achemwali titakhala pa chipikapo kuti inu mukuona bwanji. Anati iwe, si zomwe timanena kwathu zomwezi? Bambo akagwidwa ndi mwana wake timati anamulowa satana, kapena timati n'zizimba anamuuza sing'anga kuti akhwime bizinesi iyende, chilichonse bola tisanene kuti munthu amene timadya naye mbale imodzi, amene amatsogolera mapemphero a m'mudzi, anachita dala ndi maso ake ali tseguu. Ndinavomera. Ine ndimaona kuti BOB ndi nkhope imene mwana anaipanga kuti athe kukhala patebulo m'mawa ndi bambo akewo n'kumwa nawo tiyi. Mwana ali ndi ufulu wopanga nkhope imeneyo kuti apulumuke. Akuluakulu ife tilibe.

Ndipo tauni yonse inkaona. Pa maliro a Laura chibwenzi chake Bobby anakalipa pamaso pa abusa ndi anthu onse kuti nonsenu mumadziwa kuti mwanayu ali pamavuto koma palibe anachitapo kanthu. Dokotala wake wa maganizo anali ndi matepi a mawu ake, bambo wina wosatuluka m'nyumba amene Laura ankamupititsira chakudya anali ndi buku lake lachinsinsi, mwini sitolo imene ankagulitsamo perefyumu ankamudyera masuku pamutu, mayi ake ankamva fani ya padenga ikuzungulira usiku. Aliyense anali ndi kachidutswa kake.

Tisanabwerere tinakwera kumtunda ku manda a Chief Seattle, mfumu imene mzinda uja unatengera dzina, anamwalira mu 1866 ndipo anaikidwa kuseri kwa katchalitchi koyera ku Suquamish komweko. Anthu amasiyapo timiyala, zigoba za nkhono ndi ndalama zachitsulo. Pa sitolo ina chapafupi ndinaona pepala lomata pa windo la chithunzi cha dzanja lofiira, achemwali anandifotokozera kuti ndi chizindikiro cha amayi ndi atsikana a mitundu ya eni nthaka amene amasowa kapena kuphedwa nkhani zawo osamveka, moti mu 2022 boma la Washington linakhazikitsa njira yapadera yolengezera munthu wa mitundu imeneyi akasowa. Makilomita ochepa kuchokera pa gombe pamene dziko lonse linalirira mtsikana wongopeka wa tsitsi la golide. Mark Frost naye ananenapo kuti nkhani ya Laura inachokera kwa mtsikana weniweni, Hazel Drew, amene thupi lake linapezeka m'dziwe ku Sand Lake, New York mu 1908, agogo ake ankamusimbira ali mwana, ndipo amene anamupha sanapezeke.

Pobwerera feri inagwedezeka kwambiri ndi mphepo, usiku uno kunja kukuwomba moti nthambi zikugunda pa windo.

Lachiwiri, 25 Febuluwale

Malo omaliza anali ku Everett, kumpoto kwa Seattle, ulendo wosakwana ola pa I-5. Kumeneko kuli nyumba imene inali kwawo kwa Laura mu filimu ya 1992 komanso kumapeto kwa sizoni ya 2017. Ndi nyumba ya anthu, akukhalamo, ndiye sindinena msewu wake ndipo sindinajambule. Tinaimika galimoto patali pang'ono n'kuyenda wapansi.

Nyumba yoyera yosanja, masitepe okwera kuchokera pa msewu, kapinga wometa bwino, mawindo aukhondo. Ukamadutsa ungati muno mukukhala anthu odala. Ndi chimene chinandiopsa kuposa nkhalango ndi mlatho zija. Ndinakumbuka malo ena mu filimu pamene banja lakhala patebulo kudya chamadzulo, Leland akugwira dzanja la Laura n'kuyamba kuyang'ana m'zikhadabo kuti sunasambe m'manja iwe, mawu ake ofatsa koma akumufinya, akumufunsa za kamkanda ka theka la mtima kamene wavala kuti wakupatsa ndani, mayi ake akungoti musiye, musiye. Palibe mzimu pamenepo, palibe magetsi othwanima. Bambo, mayi, mwana ndi mbale za chakudya. Kunyumba kwa mnzanga uja ndinapitako kamodzi, tsiku lotsegulira tikudikira basi, bambo akewo anatigulira Fanta n'kutinyamula pa galimoto mpaka ku depoti, ine ndinamuuza kuti uli ndi mwayi iwe.

Sitinakhalitse, mphindi zisanu basi. Achemwali anati tiye, anthu angatidabwe.

Madzulo mtsikana wathu anati anti, ndionetseni tsono chimene mwabwerera. Tinaika episodi yoyamba tonse anayi pabalaza. Poyamba amaseka tsitsi ndi zovala za 1989, foni ili m'manja, koma pofika pa desiki paja foni anaiika pansi, pamene ahedi akulengeza pa sipika mawu n'kuwathera anapukuta m'maso. Itatha alamu anapita kukagona, achemwali ku khitchini, tinatsala awiri. Anandifunsa kuti anamupha ndani, ndinamuuza zonse osabisa. Anakhala chete nthawi yaitali kenako mu Chichewa chake chopotoka chija anati, anti, kusukulu kuli mnzanga wina samafuna kupita kwawo tikaweruka, amakhala mu laibulale mpaka atseke. Ndinamufunsa kuti unamufunsapo chifukwa chake? Anati ayi, ndimaopa kuti aziti ndikulowerera. Ndinamuuza za bedi la pamwamba lija, ndi yankho limene ndinapereka ine. Tinaitana amayi ake, tinakhala atatu mpaka cha m'ma 12 kukambirana kuti angayambe bwanji kumufunsa, komanso kuti kusukulu kwawo kuli mlangizi amene angamuuze ngati nkhaniyo ndi yolemera. Mwina palibe chilichonse, mwina mwanayo amangokonda mabuku. Loweruka amuitana kuti adzadye nawo nsima.

Nditalowa kuchipinda sindinagone. Mnzanga uja ndinamupeza pa Facebook zaka 4 zapitazo, ali moyo, amagulitsa zitenje ndi nsapato, ali ndi ana akuluakulu, woyamba uja ndi bambo kale. Zaka zonsezi ndimangoona zithunzi zake osalemba kanthu. Usiku uno ndalemba ndi kufufuta kambirimbiri, pomaliza ndatumiza mawu ochepa, kuti ndine uja wa bedi la pansi, unandipempha kawiri kuti upite kwathu ndinakana, sindinakufunse chifukwa chake, ndikhululukire.

Lachitatu, 26 Febuluwale

Ndili pa Sea-Tac pa geti, achemwali andisiya ndi chikwama chodzaza zovala za ana a kumudzi ndi khofi wa alamu. Ku North Bend sindinagule T-shirt, ndinagula kapu imodzi ya khofi basi, ndaikulunga mu juzi kuti isasweke.

Wayankha. Ku Malawi kunali kutada kale pamene uthenga umalowa. Poyamba analemba kuti ndani, patapita mphindi pang'ono, iwe uli moyo? Kenako voice note ya mphindi 6. Ndamvera mphindi yoyamba yokha nditaima pa mzere, mawu ake sanasinthe, soprano yomwe ija koma yatsika pang'ono, akuseka akunditchula dzina limene ankanditchula ku hostel, kenako mawu anayamba kunjenjemera ndiye ndaimitsa chifukwa pano pali anthu ambiri. Ndamuuza kuti ndikukwera ndege, ndimvera yonse ndikakhala pansi, ndipo Lamulungu ndikatuluka ku shifiti ya usiku ndimuimbira. Wati adikira, ndimuimbire ikakwana 2 koloko akabwera ku tchalitchi.

Ayamba kuitana gulu lathu.